Nsomba Zikayamba Kudzikhula: Matenda a m'Madamu a ku Dowa ndi ku Ntchisi

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Pulogalamu ino ndi ya inu amayi ndi abambo amene muli ndi madamu a nsomba m'madambo ndi m'zigwa za ku Dowa ndi ku Ntchisi: kwa Msakambewa, kwa Chiwere, ku Mvera, ku Mponela ndi ku Madisi, kwa Nthondo, kwa Malenga, kwa Kalumo mpaka ku Malomo. Lero tikambirana za tizilombo timene timadwalitsa nsomba zoweta, mmene mungatizindikirire, ndi zimene mungachite mukatipeza. Ngati muli ndi kope ndi cholembera pafupi, tengani, chifukwa muli miyezo ingapo imene ndi bwino kuilemba.

Funso limene mlimi amayamba kufunsa akaona makumba ake akuyandama chagada limakhala limodzi: "Alangizi, ndithire mankhwala anji?" Ndi funso labwino, koma yankho lake silikondweretsa. Mankhwala a nsomba amagwira ntchito m'ndowa, m'diramu kapena m'thanki. M'damu ladothi, lodzaza madzi, mankhwala otheka kwa mlimi wa kumudzi ndi ochepa kwambiri, ndipo ndikuwerengerani masamu ake posachedwapa kuti muone nokha. Chimene chimapulumutsa nsomba m'damu ndi mmene mwasamalira damulo, kumene mwatenga mbewu, ndi kumene madzi anu akuchokera.

Tiyambe ndi kwathu kuno. Madera ambiri a Dowa ndi Ntchisi ali pamtunda wopitirira mamita 1,200, pamene Salima ndi Nkhotakota kunyanja ali pafupifupi mamita 500. Kusiyana kumeneku nsomba zimakumva. Makumba, chambo ndi chilunguni ndi nsomba za madzi ofunda. Madzi akazizira kutsika pa madigiri 20, monga zimachitikira m'mapiri muno mu Juni ndi Julayi, zimachepetsa kudya, zimakula mochedwa, ndipo thupi lake limafooka polimbana ndi matenda. Tizilombo tambiri timakhala tili kale m'damumo chaka chonse, koma pang'ono, nsomba n'kumatipirira. Chisanu chikabwera, kapena nsomba zikapanikizana, kapena zikavulala ndi khoka, ndiye tizilomboto timapeza mpata. N'chifukwa chake damu losaya, la madzi olekeza m'mawondo, limavutitsa kwambiri kuno kumapiri: limazizira msanga usiku. Mbali yakuya ya damu ikafika mita imodzi ndi theka, nsomba zimakhala ndi kothawira.

Tsono musanayambe kunena kuti ndi matenda, pali zinthu ziwiri zofanana ndi matenda zimene muyenera kuzichotsa kaye.

Choyamba ndi kuchepa kwa mpweya. Pitani kudamu m'bandakucha, dzuwa lisanatuluke. Mukapeza nsomba zonse zili pamwamba zikuyasamula, koma dzuwa likakwera n'kubwerera pansi n'kuyamba kudya bwinobwino, vuto ndi mpweya. Ndere zobiriwira zija zimene timazifuna m'damu zimatulutsa mpweya masana, koma usiku nazonso zimaupuma, ndipo zikachuluka zimaumaliza. Pisani mkono m'madzi. Chikhatho chikasowa madzi asanafike pachigongono, madziwo abiriwira mopyola. Lekani manyowa, chepetsani madeya kwa masiku angapo, ndipo lowetsani madzi atsopano.

Chachiwiri ndi poizoni. Nsomba zikafa zonse pa tsiku limodzi, zazikulu ndi zazing'ono, pamodzi ndi achule, mbululu ndi tizilombo tam'madzi, amenewo si matenda. Funsani amene watsukira sipuleya kumtunda kwa ngalande, chifukwa mankhwala opopera tomato, kachewere ndi fodya amapha nsomba ngakhale atagweramo madontho ochepa. Matenda sayenda choncho ayi. Amayamba ndi nsomba ziwiri lero, zisanu mawa, khumi mkuja, ndipo zisanafe zimayamba zasintha khalidwe.

Khalidwe lake ndi ili. Nsomba imadzikhula kukhoma la damu, pa paipi kapena pa udzu, n'kutembenuka mwadzidzidzi mpaka mimba kung'anima. Imasiyana ndi zinzake n'kukaima polowera madzi. Imapinda zipsepse. Imapuma mofulumira ngakhale masana dzuwa lili pamutu. Mukathira madeya, siyibwera. Mukaona izi, gwirani nsomba zitatu kapena zinayi zodwalazo, muziyang'ane pakuwala. Onani khungu, mamba, zipsepse ndi maso. Kenako tukulani chivundikiro cha kuseri kwa mutu muone zopumira zija. Za nsomba yathanzi zimakhala zofiira bwino ndi zaukhondo. Zikakhala zotumbuluka, zotupa, zodyekadyeka kapena zokutidwa ndi zoterera zambiri, pali chimene chikuzidya.

(KANYIMBO KAFUPI)

WOULUTSA: Tikhalitsepo pa nthenda imodzi, chifukwa mukaimvetsa iyi, zina zonse mudzazimva mosavuta. Ndi nthenda ya timadontho toyera. Pathupi ndi pazipsepse pamaoneka timadontho tating'ono, tosaposa kambewu ka mchere wosalala, ndipo nsomba imadzikhula kosalekeza. Kachilombo kake akatswiri amakatchula Ichthyophthirius, ndipo kamapezeka m'madzi opanda mchere pa dziko lonse.

Kadontho kamene mukukaonako ndi kachilombo kamene kalowa kunsi kwa khungu, ndipo kakudya kali mobisika. Pamenepo mankhwala sakafika. Kakakhuta kamatuluka, n'kugwera pansi pamatope kapena pa udzu, n'kudzikuta ndi chikopa. M'chikopamo kamagawikana mpaka kutulutsa tiana mazanamazana, nthawi zina kupitirira 1,000 kuchokera ku kamodzi. Tianato timasambira kufunafuna nsomba, ndipo tikapanda kuipeza pa tsiku limodzi kapena awiri timafa. Nthawi yokhayo imene mankhwala angatiphe mosavuta ndi imeneyi, pamene tili pa mtetete m'madzi.

Apa pali msampha umene umagwira alimi ambiri. Timadontho tikasowa pathupi la nsomba, munthu amati yachira. Chonsecho tangotsikira pansi kukaswana. M'madzi ofunda, a madigiri 25, ulendo wonsewu umatha pasanathe sabata. M'madzi ozizira a mu Julayi kuno kwathu umatenga masabata awiri kapena kupitirira, motero mlimi amakhala ataiwala kale pamene nthendayo ikubwerera ndi mphamvu zoposa poyamba.

Anzathu a maiko akunja amene amaweta nsomba zokongoletsa m'mabokosi agalasi amalimbana ndi vuto lomweli. Ena mwa iwo amaweta mbuna zathu zomwe, zimene zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera ku Senga Bay ku Salima kwa zaka zambiri. Amene amaweta nsomba za m'nyanja yamchere ali ndi kachilombo kawo kotchedwa Cryptocaryon, ka timadontho toyeranso, ka mayendedwe ofanana. Iwo amachepetsa mchere m'madzi kuti kachilomboko kafe, ndipo tizilombo tina ta pakhungu amatigwetsa poviika nsomba m'madzi opanda mchere kwa mphindi zochepa. Ife timachita mosemphana, timaonjezera mchere, koma nzeru yake ndi imodzi: kachilombo kakang'ono sikapirira kusintha kwa madzi kumene nsomba imatha kupirira. Chimene ndikufuna tiphunzire kwa iwo, komabe, ndi ichi. Ngakhale ali ndi ndalama ndi mankhwala amitundumitundu, odziwa bwino ntchitoyi salowetsa nsomba yatsopano m'bokosi lalikulu asanaisunge payokha kwa masabata angapo. Ndipo nthenda ikalowa, amachotsamo nsomba zonse, bokosilo n'kukhala lopanda nsomba kwa miyezi iwiri kapena kuposa, kuti tizilombo tife ndi njala. Ngati munthu wa bokosi la malita 200 amadalira kupatula ndi kupumitsa, nanga ife a damu la malita 200,000?

Nawa masamu ndidalonjeza aja. Titenge damu la mamita 20 m'litali, mamita 10 m'lifupi, lakuya mita imodzi. Muli madzi okwana malita 200,000, ndiye kuti ndowa 10,000 za malita 20. Kuti mchere uphe tiana ta kachilombo kaja pafunika magalamu osachepera 3 pa lita iliyonse, ndipo ukhalemo sabata imodzi kapena masabata awiri. Ameneyo ndi makilogalamu 600, matumba 12 a makilogalamu 50. Madzi akamatsika pansi ndi kulowa ena, muyenera kuonjezanso. Ndani wa ife angagule mchere wotere chifukwa cha nsomba 600? Kuthira mapaketi awiri m'damu lonse, monga ena amachitira, ndi kutaya mchere chabe.

Mchere ntchito yake ili m'ndowa, ndipo m'menemo umathandizadi. Lembani miyezo iyi. Posambitsa nsomba mwachidule, sungunulani theka la kilogalamu ya mchere m'ndowa ya malita 20 ya madzi a m'damu momwemo. Yambani ndi nsomba zisanu zokha kuti muone mmene zikupiririra. Zikhalemo mphindi 5 mpaka 10, inu muli pomwepo, ndipo iliyonse imene yayamba kupendekeka ichotseni nthawi yomweyo muiike m'madzi abwino. Kwa mlamba, umene ulibe mamba, ndi kwa tiana tating'ono kwambiri, chepetsani mcherewo ndi theka. Kusambitsa kotere kumagwetsa tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala pamwamba pa khungu ndi pa zopumira, monga Trichodina ndi tinyongolotsi ta pa zopumira, timene timapha kwambiri mbewu yopanikizana. Kumagwetsanso misundu. Koma timadontho toyera tija, poti tili kunsi kwa khungu, sititha ndi kusambitsa kamodzi. Nsomba zoswetsa zimene mukufuna kupulumutsa muyenera kuzisunga m'diramu kapena m'thanki, zochepa, m'madzi a masupuni akuluakulu 4 kapena 5 a mchere pa malita 20 alionse, kwa masabata awiri, n'kumasintha madziwo ndi ena a mchere womwewo. Zotsala m'damu, ngati zakula kale, kololani mudye kapena mugulitse kwanu komweko. Timadontho toyera sitidwalitsa munthu.

(KANYIMBO KAFUPI)

WOULUTSA: Pali tizilombo tina tooneka ndi maso, ndipo pa ito sinditaya nthawi. Nsabwe za nsomba ndi tizilombo tophwatalala, tozungulira, timene timayenda pakhungu n'kumaboola. Palinso kena kamene kamazika mutu wake m'mnofu, thupi n'kumalendewera kunja ngati kaulusi, pozikapo n'kufiira. Pa nsomba zochepa mutha kutichotsa ndi dzanja, koma zilonda zimene timasiya ndizo khomo la matenda ena. Chimodzimodzi zoyera zonga thonje zimene zimamera pa nsomba m'nyengo yozizira: zimamera pamene pavulala kale. Choncho mu Juni ndi Julayi pewani kukoka khoka popanda chifukwa, ndipo pogwira nsomba nyowetsani manja.

Nyongolotsi ndizo zimene amayi amazipeza potumbula, ndipo zimabweza ogula pamsika. Mumaona timatuza tachikasu kuseri kwa zopumira kapena m'mnofu, mukatiphula n'kutuluka kanyongolotsi kakuyenda. Mumaona timadontho takuda pakhungu, kapena diso loyera la nsomba yosaona. M'mimba mwa mlamba mumapezeka tinyongolotsi topindikapindika pamatumbo. Ambiri mudaonanso nyongolotsi yoyera yaitali m'mimba mwa usipa wa kunyanja. Zambiri mwa izi sizichoka ku nsomba kupita ku nsomba inzake. Zimadzera mwa mbalame zodya nsomba, monga akakowa, anantchengwa ndi mphipi. Titenge ya timatuza tachikasu. Nyongolotsi yaikulu imakhala kukhosi kwa mbalame. Mbalameyo ikamavuula nsomba m'damu, mazira amagwera m'madzi, amaswa, tiana timalowa mu nkhono, timachulukana mmenemo, kenako timatuluka n'kuboola khungu la nsomba. Timadikira m'nsombamo mpaka mbalame ina idzaidye.

Palibe mankhwala ochotsera nyongolotsi imene yalowa kale m'mnofu. Chimene mungathe ndi kudula njira yake. Lambulani udzu wa m'mbali ndi wa m'madzi, chifukwa ndi mmene nkhono zimabisala. Tolani nkhonozo ndi sefa muzitaye kutali pouma. Kokani zingwe pamwamba pa damu kuti mbalame zisatere momasuka, ndipo musasiye malo osaya pamene kakowa angaime. Ntchito imeneyi ili ndi phindu lina lalikulu: nkhono za m'madzi ndizonso zimafalitsa likodzo, ndipo ana athu ndiwo amalowa m'damu tsiku lokolola. Aletseni kukodzera kapena kuchita chimbudzi pafupi ndi madzi.

Kodi nsomba ya nyongolotsi ingadyedwe? Inde, mukachotsa matumbo ndi zopumira n'kuiphika kapena kuikazinga mpaka ipse bwino. Moto umapha zonsezi. Matumbowo akwirireni, musawaponye m'damu kapena kusiyira mbalame.

(KANYIMBO KAFUPI)

WOULUTSA: Tsopano tifike pa nthenda imene imandidetsa nkhawa kuposa zonse, nthenda ya zilonda, imene alangizi amaitchula mwachidule kuti EUS. Ambiri mukukumbukira chaka cha 2020. Mu Julayi chaka chimenecho nsomba zidayamba kufa ndi zilonda m'mitsinje ndi m'madamu a ku Mchinji, ndipo boma litatsimikiza kuti ndi EUS lidaletsa kupha, kugulitsa ndi kunyamula nsomba kuchokera m'madera okhudzidwa. Aka kanali koyamba nthendayi kupezeka m'Malawi. Ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi sitingaitenge ngati nkhani ya kutali, chifukwa mtsinje wa Bua umene umayambira ku Mchinji umadutsa m'malire athu popita ku Nkhotakota, ndipo mitsinje yathu yambiri imathira mmenemo.

Nthendayi idaoneka koyamba ku Japan mu 1971, ndi ku Australia chaka chotsatira. Idasakaza nsomba m'maiko ambiri a ku Asia, ndipo ku Africa idafika cha mu 2006 ndi 2007 m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi, ku Botswana, Namibia ndi Zambia. Imayamba ndi nkhungu ya m'madzi yotchedwa Aphanomyces invadans. Njere zake zimasambira m'madzi, zimatera pamene khungu lakalika, n'kumera timizu timene timalowa mkati mwa mnofu. Poyamba mumaona timadontho tofiira. Kenako mamba amathothoka, pamabwera chilonda chofiira pakati ndi chotuwa m'mbali, ndipo chimakumba mpaka fupa kapena matumbo kuonekera, nsomba ikali moyo. Imagwira kwambiri mlamba ndi matemba, komanso makumba ndi chilunguni sizipulumuka. Imakonda nyengo yozizira, ndi madzi a asidi monga amene amatsika m'madambo ena mvula yamphamvu ikagwa. Apa mukutha kuona kugwirizana kwake ndi zimene takamba kale: nsabwe, kachilombo kozika mutu kaja ndi khoka lokalakala ndizo zimatsegula khungu.

EUS ilibe mankhwala. Ndibwereze, chifukwa pamabwera anthu ogulitsa timabotolo: nsomba imene yagwidwa kale ndi zilondazi palibe chimene mungaithire kuti ichire. Laimu m'damu amachepetsa asidi ndipo amathandiza kuti zotsala zisagwidwe msanga, koma sachiza. Nkhungu yake siyilowa mwa munthu, komabe nsomba ya zilonda zakuya musadye ndipo musagulitse, chifukwa m'zilondamo mumakhala mabakiteriya amene angakudwalitseni m'mimba.

Mukaona zilonda zotere, tsekani potulukira madzi kuti asapite kwa anzanu a kumunsi. Vuulani nsomba zakufa ndi zodwala tsiku lililonse, muzitenthe kapena muzikwirire m'dzenje lakuya kutali ndi mtsinje, muwaze laimu pamwamba. Musapatse agalu kapena nkhumba, amazikokera kumadzi. Ndipo tsiku lomwelo dziwitsani alangizi. Ndikudziwa chimene chimagwira mtima wa munthu pamenepa. Amaopa kuti akanena amuletsa kugulitsa, ndipo nsomba za miyezi isanu ndi umodzi zipita pachabe. Ena amaganiza kuti wina wawachita chipongwe, n'kuyamba kulozana zala m'mudzi pamene nthenda ikutsika ndi mtsinje. Mantha a kutaya ndalama ndi omveka ndithu. Koma munthu amene wakolola usiku n'kukagulitsa ku Mponela kapena ku Malomo, madzi otsukira nsombazo akathiridwa m'ngalande, wasamutsa nthendayo makilomita ambiri, ndipo chaka chamawa idzabwerera kwa iye mwini kudzera mu mbewu kapena mumtsinje. Pa nkhani iyi ndikupempha mafumu ndi atsogoleri a makalabu a nsomba kuti amene wanena msanga aziyamikiridwa poyera, asamanyozedwe.

Pali zina zimene ndikupemphani musathire m'damu ngakhale wina atakuuzani motani. Mankhwala a mbewu ndi dibi wa ng'ombe amapha nsomba msanga kuposa tizilombo. Katupe ndi mthuthu, umene ena adadzala m'minda kuti ubwezeretse chonde, ndi ululu wa nsomba. Masamba ake asagwere m'madzi. Makapisozi a kuchipatala sapha nyongolotsi kapena nkhungu, amangolimbitsa mabakiteriya kuti adzakane mankhwala tikadwala ife. Ndipo mankhwala a nsomba zokongoletsa, makamaka obiriwira otchedwa malachite green, ndi oletsedwa m'maiko ambiri pa nsomba zodya chifukwa amatsalira m'mnofu. Alipo mankhwala ena amene akatswiri amagwiritsa ntchito kumalo oswetsera, koma amafuna muyezo weniweni ndi munthu woudziwa.

(KANYIMBO KAFUPI)

WOULUTSA: Nanga mankhwala a damu ndi ati? Oyamba ndi dzuwa. Mukakolola, phwetsani damu lonse, musasiye chithaphwi cha nsomba zochepa zoti zidzaswane. Chotsani matope owonjezera mukathire kudimba. Lisiyeni liume mpaka pansi pang'ambike, masabata awiri kapena atatu, ndipo dzuwa la Seputembala ndi Okutobala ndilo loyenera ntchitoyi. Zikopa za kachilombo ka timadontho, mazira a nsabwe, misundu ndi nkhono zambiri zimathera pomwepo. Ndikudziwa kuti madamu ena m'madambo athu ali ndi kasupe pansi ndipo sauma. Amenewo amafuna laimu wamphamvu, uja wopakira nyumba, pafupifupi makilogalamu 40 pa damu la mamita 20 ndi 10 lija, wowazidwa pamatope onyowa mulibe nsomba. Amaotcha, ndiye valani nsapato za jombo, tetezani manja ndi maso, ndipo imani kumene mphepo ikuchokera. Laimu wa kumunda ndi wofatsa; sapha tizilombo kwenikweni, koma amachepetsa asidi, ndipo makilogalamu 20 mpaka 40 amakwanira damu lomwelo. Mukathira madzi dikirani masabata awiri musanaike mbewu.

Achiwiri ndi polowera madzi. Ikani sefa kapena kansalu ka ukonde wothina pa paipi kuti matemba, tiana ta mlamba ndi nkhono za mumtsinje zisalowe. Ngati madamu ali motsatizana potsetsereka, monga timakumbira m'zigwa zathu, yesetsani kuti lililonse lilandire madzi kuchokera m'ngalande palokha, osati otayika m'damu lakumtunda. Kwezani makoma kuti madzi osefukira a mu Januwale ndi Febuluwale asalowe.

Achitatu, amene ndimawaona kuti ndi aakulu kuposa onse, ndi mbewu. Tonse tikudziwa mmene nkhuku imodzi yogula pamsika imamalizira khola lonse ndi chitopa. Nsomba n'chimodzimodzi. Mbewu yotola mumtsinje wa Bua kapena m'madambo imabwera ndi chilichonse chili mmenemo. Mbewu yopatsana pachibale kuchokera m'damu limene munafa nsomba mwezi watha ndi mphatso yoopsa. Gulani kwa oswetsa amene ofesi ya zansomba ikuwadziwa. Boma lili ndi malo a kafukufuku ndi oswetsera ku Domasi m'boma la Zomba, ndipo kuno pafupi sukulu ya LUANAR ku Bunda ili ndi nthambi ya ulimi wa nsomba. Alangizi anu adzakuuzani oswetsa odalirika a kufupi ndi kwanu. Musakopeke ndi mbewu yolowa mozemba kuchokera kunja chifukwa choti akuti imakula msanga. Lamulo la zausodzi sililola kulowetsa nsomba zachilendo popanda chilolezo, ndipo madzi onse a Dowa ndi Ntchisi amakathera m'Nyanja ya Malawi, kumene kuli chambo ndi mpasa zathu.

Ponyamula mbewu, nyamulani m'mawa kukali kozizira, musapanikize, ndipo thiranimo masupuni 4 kapena 5 aja a mchere pa ndowa ya malita 20. Amathandiza nsomba kupirira ulendo. Mukafika, madzi obwera nawo musawakhuthulire m'damu. Ngati kalabu yanu ingathe, ikumbe kadamu kakang'ono pambali, ka madzi osalumikizana ndi madamu ena, kosungiramo mbewu yatsopano masabata awiri kapena atatu, ndipo nthawi yozizira mwezi wathunthu. M'damu lalikulu, pa mita iliyonse ya mbali zonse, nsomba zitatu ndi zokwanira kwa amene amadyetsa madeya ndi manyowa. Kuchulukitsa sikuonjeza zokolola, kumaonjeza matenda.

Pomaliza pali khoka la kalabu, limene limayenda damu ndi damu likali lonyowa, mamba ndi matope zili momwemo. Likachoka m'damu lina litsukidwe kutali ndi mtsinje, liyanikidwe padzuwa mpaka liume gwa, tsiku lathunthu kapena awiri. Ngati kudali matenda, liviikidwe kaye m'madzi a klorini, litsukuluzidwe bwino, kenako liyanikidwe. Ndowa, mabeseni ndi jombo n'chimodzimodzi. Khoka limene lalowa mumtsinje lisalowe m'damu.

Mukamapita kukanena ku ofesi ya zansomba ku boma la Dowa kapena la Ntchisi, kapena kwa alangizi a zaulimi ndi a ziweto a kudera lanu, pitani ndi zinthu zimene zingawathandize. Tizilombo tambiri ta pakhungu timachoka kapena kuwonongeka nsomba ikangofa, choncho nsomba yowola dzulo siyiuza katswiri kanthu. Tengani zodwala zikali zamoyo, zitatu kapena zisanu, m'ndowa yovundikira ya madzi a m'damu momwemo. Zikafera panjira, zikulungeni mu pepala lapulasitiki loyera, muzisunge pozizira, koma musaziumitse m'firiji. Ngati mukuganizira EUS, musanyamule. Imbani foni alangizi abwere okha, chifukwa zoyeza zake zimatengedwa mwa ndondomeko n'kutumizidwa ku labotale ya ziweto ku Lilongwe. Jambulani zithunzi za zilondazo pa foni. Ndipo m'kope lanu lembani tsiku limene munaona nsomba yoyamba kudwala, kuchuluka kwa zakufa tsiku lililonse, kumene munagula mbewu ndi liti, kumene madzi anu amachokera, ndiponso damu lomaliza limene khoka linalowamo lisanabwere kwanu.

Nthawi yathu yathera pamenepa. 

(NYIMBO YOTSEKERA)